MALASHA ANTHETE NDI MPWEYA WOYAKA UMENE ULI M'KATI MWAKE

Makala amadziwika ndi munthu aliyense wa m'mudzi, pakuti amaotchedwa poyera ndipo nkhalango ziri kutha chifukwa cha iwo. Koma malasha, amene amakumbidwa pansi pa nthaka, amadziwika ndi anthu owerengeka okha, monga a ku Rumphi ndi ku Karonga kumene kuli migodi, ndiponso abambo amene anapitako ku ntchito ku Wankie, kumene tsopano kumatchedwa Hwange. Ngakhale mwa iwowa ambiri amayesa kuti malasha onse ndi amodzi. Malasha ali ngati maungu: alipo okhwima, aliponso anthete.

Kale malasha anthete ankanyozeka chifukwa moto wake ndi wofooka. Pambuyo pake anthu anazindikira kuti m'kati mwake mumakhala mpweya woyaka umene ungaphike nsima ndi kuyendetsa makina a magetsi. Pa chifukwa chimenechi makampani akhala akuboola nthaka kufunafuna mpweyawu, ngakhale m'maiko apafupi monga Botswana ndi Zimbabwe. Nkofunika tsono kuti eni minda ndi eni zitsime adziwiretu m'mene mpweyawu umakhalira pansipo, pakuti umagwiridwa ndi madzi, ndipo sutuluka madziwo asanachotsedwe.

MALASHA ANACHOKERA KUTI?

Mtengo ukagwa pamtunda umaola, chiswe nkuumaliza. Koma zomera zikafera m'madzi osayenda a m'dambo siziola kwenikweni, popeza mpweya wothandiza kuoletsa zinthu sufikako. Masamba, mizu, mabango ndi mitengo zimangounjikana chaka ndi chaka, nkusanduka chinthu chofewa chodera chimene Azungu amachitcha peat. Chimakula pang'onopang'ono zedi, pafupifupi milimita imodzi pa chaka, kotero kuti pamapita zaka ngati 1,000 kuti chikwane mita imodzi.

Nthawi zina dera lonse la dambo limatitimira, ndipo mitsinje imadzakwirira zinyalala zija ndi mchenga ndi matope. Kulemera kwa zimene ziri pamwamba kumafinya madzi, ndipo kutentha kwa pansi kumayamba kuziphika. Pansi pa nthaka pamatentha ndithu: pa kilomita iliyonse yotsika kutentha kumakwera ndi madigiri 25 kapena 30. Patapita zaka mamiliyoni, zinyalala zochindikala mamita khumi zimatsala thanthwe la malasha olimba la mita imodzi yokha kapena kupitirirapo pang'ono.

Munthu amene anaotchapo njerwa adziwa kuti njerwa za pakati pa uvuni zimapsa bwino nkumalira ngati chitsulo, koma za m'mbali zimatuluka zosapsa chinkana zonse zinalowa tsiku limodzi. Malasha nawonso ali chimodzimodzi. Chimene chimawakhwimitsa kwenikweni ndicho kutentha, ndipo zaka pa zokha sizikwanira. Pafupi ndi mzinda wa Moscow ku Russia pali malasha a zaka zoposa mamiliyoni 300 amene akali anthete, chifukwa sanakwiririke patali.

MITUNDU INAYI YA MALASHA

Akatswiri a za miyala amagawa malasha m'mitundu inayi, poyang'ana kuchuluka kwa kaboni, ndicho chinthu chakuda chimene chimayaka m'makala ndi m'malasha momwe.

Mtundu woyamba ndi lignite. Ndi wodera ngati khofi, wofewa, ndipo nthawi zina maonekedwe a mtengo amaonekabe m'kati mwake. Pa magawo 100 alionse, kaboni amakhala magawo 25 kufikira 35. Wachiwiri ndi sub-bituminous, wakuda koma wosanyezimira, wokhala ndi kaboni magawo 35 kufikira 45. Mitundu iwiri imeneyi ndiyo malasha anthete.

Wachitatu ndi bituminous, wakuda ndi wonyezimira, umene kaboni wake amayambira magawo 45 kufikira 86. Malasha a ku Moatize ku Mozambique, amene sitima zimadutsa nawo pa Nkaya ndi pa Liwonde kupita ku doko la Nacala, ndi a mtundu umenewu. Wotsiriza ndi anthracite, wolimba ngati mwala, umene pafupifupi wonse ndi kaboni wokhawokha.

ZIMENE ZIRI M'KATI MWA MALASHA ANTHETE

Chinthu choyamba ndi madzi. Malasha a sub-bituminous angakhale ndi madzi okwana gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwake. Ku chigwa cha Latrobe ku Australia kuli lignite amene madzi ake amapitirira magawo 60 pa 100. Moto umayamba wataya mphamvu pouma madziwo, monga m'mene zichitira nkhuni zaziwisi, kotero kuti thumba la lignite limapatsa theka la kutentha kwa thumba la malasha okhwima, mwinanso osakwana theka. Kunyamula malasha otere ulendo wautali kuli ngati kulipira lole kuti inyamule madzi. Nchifukwa chake ku Australia ndi ku Germany nyumba zopangira magetsi zinamangidwa pambali penipeni pa migodi ya lignite.

Chachiwiri ndi okosijeni, amene amakhala womangika m'thupi mwa malashawo. Zomera ziri ndi okosijeni wambiri, ndipo kutentha kwa pansi kumamuchotsa pang'onopang'ono. M'malasha anthete akali wochuluka. Mulinso zidulo zina zofanana ndi zimene zimadetsa nthaka ya chonde. Ndiye chifukwa chake lignite wovunda wa pamwamba amagulitsidwa m'maiko ena ngati chokonzera nthaka.

Chachitatu ndi phulusa ndi sulufule. Phulusa ndilo dothi limene linakokolokera m'dambo lija, ndipo siliyaka. Sulufule ndiye amachititsa utsi kutsamwitsa, ndipo miyala yokhala ndi sulufule ikakhala pa mvula ndi pa mpweya, madzi otuluka pamenepo amawawasa nkupha nsomba mumtsinje.

Malasha anthete alinso ndi khalidwe loopsa la kuyaka okha. Akauma amang'aluka nkusiya timipata tambirimbiri. Mpweya ukalowamo, malashawo amafunda pang'onopang'ono, monga m'mene umafundira mulu wa manyowa. Mulu ukakhala waukulu kutenthako kumasowa potulukira, ndipo tsiku lina utsi umangoyamba kufuka popanda munthu woyatsa.

Aphunzitsi amene angapeze kachidutswa ka malasha angathe kuonetsa ana zinthu ziwiri. Kachidutswako kakakhulidwa pa phale la mbale yadothi yoyera, lignite amasiya mzere wodera, pamene malasha okhwima amasiya mzere wakuda. Ndiponso kakaikidwa padzuwa masiku angapo, lignite amang'aluka nkufumbutuka yekha, koma okhwima amakhala m'mene analiri.

MPWEYA WA METHANE

Mpweya woyaka wa m'malasha dzina lake ndi methane. Ulibe mtundu, ulibe fungo, ndipo ndi wopepuka kuposa mpweya umene anthu amapuma. Ndi womwewo umene umatuluka ngati thovu munthu akavundula matope a m'dambo ndi ndodo, womwewonso umene umapangidwa m'nkhuti za ndowe za ng'ombe zimene mabanja ena amaphikira.

Pansi pa nthaka methane amapangika m'njira ziwiri. Njira yoyamba ndi ya kutentha: malasha akakwiririka patali nkupitirira madigiri 100, amayamba kutulutsa mpweya pamene ali kukhwima. Malasha anthete sanafike pamenepo, ndipo kwa nthawi yaitali anthu ankayesa kuti mulibe mpweya wa phindu.

Njira yachiwiri ndi ya tizilombo tosaoneka ndi maso, abale ake a tija timene timakhala m'chifu cha ng'ombe. Pamene thanthwe la malasha latulukira pamtunda, madzi a mvula amalowa m'ming'alu yake atatenga tizilomboti. Tina timaphwanya malashawo, tina timadya zophwanyikazo nkutulutsa methane. Malasha anthete ndiwo amene tizilomboti timawatha bwino, popeza akali ofewa ndi a madzi ambiri. Akatswiri amadziwa kusiyanitsa mipweya iwiriyi. Kaboni alipo wopepuka ndi wolemera pang'ono, ndipo tizilombo timakonda wopepukayo. Tsono mpweya ukapimidwa nkupezeka ndi kaboni wopepuka wochuluka, zimadziwika kuti ndi ntchito ya tizilombo.

Mpweyawu sukhala m'phanga ayi. Umamatirira m'timabowo ting'onoting'ono ta malasha, ndipo chimene chimaukanikiza kuti usachoke ndi madzi odzaza m'ming'alu. Zifanana ndi botolo la Fanta: likakhala chitsekere thovu silioneka, koma chitsekerero chikachoka thovu limakwera. Ofuna mpweya amaboola chitsime kufikira pa thanthwe la malasha, nkuyamba kupopa madzi usana ndi usiku. Madzi akatsika, mpweya umamasuka nkukwera m'paipi.

ZIMENE ZINACHITIKA KU POWDER RIVER

Malo amene aphunzitsa anthu zambiri pa nkhaniyi ndi chigwa cha Powder River, m'zigawo za Wyoming ndi Montana ku America. Ndi dziko louma la udzu, la alimi oweta ng'ombe. Zaka ngati mamiliyoni 60 zapitazo kunali madambo aakulu, ndipo anasiya malasha a sub-bituminous ochindikala modabwitsa: matanthwe ena amakwana mamita 30, ndipo ali pafupi ndi pamwamba. M'zaka za m'ma 2010 chigwachi chinali kutulutsa pafupifupi magawo 40 pa 100 a malasha onse a dziko la America. Kumeneko kuli zitunda za miyala yofiira ngati njerwa, imene inapsa kalekale pamene malasha anayaka okha pansi, ndipo miyalayo amaithira m'misewu.

Tani imodzi ya malasha a kumeneko imasunga mpweya wochepa, wongodzaza migolo isanu kapena khumi ya malita 200, pamene malasha ena okhwima amasunga kuwirikiza kakhumi. Koma popeza matanthwe ake ndi ochindikala, ndi osazama, ndiponso ming'alu yake ndi yotseguka, kuboola zitsime kunali kotsika mtengo ndipo mpweya unkatuluka msanga.

Chenjezo linabwera poyambirira. M'chaka cha 1987 mabanja a pa mudzi wa Rawhide, pafupi ndi tauni ya Gillette ndi migodi yake, anasamutsidwa chifukwa methane ndi mpweya wina wonunkha ngati dzira lovunda zinali kutuluka m'nthaka pakati pa nyumba zawo. Patapita zaka zochepa makampani anayamba kuboola zitsime za mpweya, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ntchito inakula zedi. Zitsime zinapitirira 20,000. Anthu anapeza ntchito, ndipo Boma la Wyoming linalandira misonkho yambiri.

Koma walira mvula walira matope. Madzi opopedwa aja anali ochuluka kwambiri, ndipo ambiri ankangotayidwa m'makhwawa ndi m'maiwe okumba. Alimi ena anakondwa popeza ng'ombe zawo zinapeza pomwera. Ena anadandaula, chifukwa zitsime zawo zimene zinkatunga m'thanthwe lomwelo la malasha zinatsika kapena kuphwa. M'madera ena madziwo anali ndi mchere wa soda wambiri. Madzi otere akathiridwa pa dothi longa makande, dothilo limatsekeka nkuuma gwa, mvula osalowanso, ndipo udzu wabwino umafa. Alimi a ku Montana amene amathirira minda ndi mitsinje ya Tongue ndi Powder anakangana ndi a kumtunda kwa zaka zambiri pa nkhani yomweyi.

Mpweya unafika pachimake m'chaka cha 2009, nkuyamba kuchepa. Nthawi yomweyo mtengo wake unagwa, chifukwa kunapezeka mpweya wina wochuluka m'miyala ya mtundu wina. Makampani ena anagwa nkuchoka, kusiya zitsime zambirimbiri zosatseka m'mabusa a anthu. Chikole chimene anapereka ku Boma poyamba ntchito chinali chochepa, ndipo kuyambira m'chaka cha 2014 Boma la Wyoming linayamba ntchito yaikulu yotseka zitsime zamasiyezo.

KUSANDUTSA MALASHA KUKHALA MPWEYA

Ilipo njira inanso yopezera mpweya, ndiyo kusandutsa malasha enieniwo. Amawaika m'ng'anjo yaikulu yachitsulo yotsekeka, nkulowetsamo nthunzi ndi okosijeni wochepa wosakwanira kuti ayake onse. Pamenepo malasha amasanduka mpweya wosakanizika, umene ungasinthidwe kukhala methane, mafuta a galimoto kapena feteleza. Malasha anthete amayenera ntchitoyi, chifukwa amagwira moto msanga ndipo samatana m'ng'anjo.

Ku Beulah, m'chigawo cha North Dakota ku America, fakitale yotere inayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1984, kusandutsa lignite kukhala mpweya wa m'mapaipi ndi feteleza. Ku South Africa kampani ya Sasol inayamba kupanga mafuta kuchokera ku malasha a phulusa lambiri pa Sasolburg m'chaka cha 1955. Mafakitale otere amafuna ndalama zambiri ndi madzi ambiri, ndipo amatulutsa mpweya wochuluka wa carbon dioxide umene uli kusokoneza nyengo.

Ena anayesa kuotchera malasha pansi pomwepo osawakumba: chitsime china cholowetsa mpweya, china chotulutsa. Ku Angren, m'dziko la Uzbekistan, njirayi inayamba m'chaka cha 1961. Koma pamene inayesedwa pa Hoe Creek m'chigwa chomwe chija cha Powder River m'zaka za m'ma 1970, mankhwala a poizoni analowa m'madzi a pansi. Ku Queensland ku Australia kunaonongekanso nthaka, ndipo m'chaka cha 2016 Boma la kumeneko linalengeza kuti njirayi yaletsedwa.

MALASHA A DZIKO LINO

Malasha a m'Malawi ali m'miyala yotchedwa Karoo, ya zaka zoposa mamiliyoni 250, imene imapezekanso ku Zambia, Zimbabwe, Mozambique, Botswana ndi South Africa. Kumpoto amapezeka ku Livingstonia, ku Ngana, ku Lufira, ku Nthalire ndi m'chigwa cha North Rukuru. Kum'mwera amapezeka ku Lengwe ndi ku Mwabvi. Mgodi wa Kaziwiziwi unatsegulidwa m'chaka cha 1985, wa Mchenga m'chaka cha 1987. Ena mwa malashawa ndi sub-bituminous, ena ndi bituminous, ndipo ambiri ali ndi phulusa lochuluka. Amagulidwa ndi mafakitale, monga okonza fodya ndi opanga simenti.

Kupezeka kwa malasha sikutanthauza kuti mpweya wa malonda ulipo. Pafunika kuti thanthwe likhale lochindikala ndi lotambalala, ming'alu yake ikhale yotseguka, ndiponso likhale lomira m'madzi kuti mpweya usathawe. Matanthwe ambiri a kuno ndi a mamita ochepa, ndipo anadukaduka pamene nthaka inang'ambika nkupanga chigwa cha nyanja ya Malawi. Njira yokha yodziwira ndiyo kuboola, kutulutsa chidutswa cha malasha, kuchitsekera msanga m'chitini, nkuyeza mpweya umene utuluke. Mapu ndi mbiri ya miyala ya dziko lino zimasungidwa ku ofesi ya Geological Survey ku Zomba.

NGOZI ZOYENERA KUZIDZIWA

Methane akasakanizika ndi mpweya wamba pa mlingo wa magawo 5 kufikira 15 pa 100, kamoto kakang'ono kokha kamakwanira kuti aphulike. Pa 6 June 1972 mgodi wachiwiri wa ku Wankie unaphulika chifukwa cha mpweya ndi fumbi la malasha, ndipo anthu 427 anafa. Ena mwa iwo anali ochokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique.

Kotero munthu asalowe m'dzenje la malasha ndi koloboyi, machesi kapena ndudu yoyaka. Dzenje lakale lingakhalenso ndi mpweya wolemera umene umadikha pansi nkukomola munthu asanafuule, ndipo wotsika kukamupulumutsa amakomokanso. Malasha amene ali kunyeka amatulutsa mpweya wakupha womwe uja wa mbaula yosiyidwa m'nyumba yotseka. Malasha asaunjikidwe mulu waukulu pafupi ndi nyumba kapena nkhokwe. Ngati chitsime kapena mjigo wa kudera la malasha uyamba kuchita thovu, nkhaniyo ipite msanga kwa a mfumu ndi kwa a Bwanamkubwa.

MAFUNSO A PA BWALO

Malamulo a dziko lino amafuna kuti ntchito yaikulu ya migodi isanayambe, pakhale kafukufuku wa m'mene idzakhudzire anthu ndi chilengedwe, ndiponso kuti eni dera amvedwe. Tsiku lotero likafika, nyakwawa ndi anthu awo ayenera kufunsa mafunso awa, ndipo mayankho ake alembedwe. Kodi madzi adzapopedwa kuchokera m'thanthwe liti, ndipo zitsime za m'mudzi zimatunga m'thanthwe lomwelo kapena ayi? Kodi madziwo adzatayidwa kuti, ndipo ndani adzayeza mchere wake? Chitsime chikaphwa, ndani adzakumba china? Ntchito ikadzatha, ndani adzatseka mabowo, ndipo chikole chake ndi ndalama zingati?

Chilipo chinthu china chimene mudzi ungachite wokha popanda kuononga ndalama. Kamodzi pa mwezi, mphunzitsi ndi ana a sukulu atsitse chingwe m'chitsime, ayeze pamene madzi alekeza, nkulemba m'buku pamodzi ndi tsiku lake. Alimi ena a ku Wyoming anavutika kutsimikiza kuti zitsime zawo zatsika, chifukwa panalibe cholembedwa chosonyeza m'mene zinaliri ntchito isanayambe. Mudzi umene uli ndi buku la zaka zingapo udzakhala ndi umboni pa bwalo lililonse. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo mafumu ndi aphunzitsi ali kupemphedwa kuwerengera nkhaniyi anthu amene sadziwa kuwerenga.